Bambo akubwera kuchokera ku Joni koma akukana zoyezetsa. Ndingayambe PrEP (mankhwala oteteza kuti usatenge HIV) pandekha?

Adimini, chonde bisani dzina.

Amayi anzanga, ndigawireniko nzeru. Bambo a kunyumba ali ku Johannesburg chaka chachitatu, amabwera pa Khrisimasi pokha. Ine ndinayezetsa komaliza kusikelo, ndinalibe kachilombo. Dzana pafoni ndinangoti akafika tikayezetse limodzi. Eee, ndinaputa mavu! Akuti ndikuwakayikira, kapena woyendayenda ndineyo. Za kondomu nʼkosayamba, amati switi sadyera mʼpepala. Apongozi akuti ndikadandaule kwa ankhoswe, koma nkhoswe yake ndi malume awo, nkhani zakuchipinda ndikaziyambira pati?

Lendi, fizi, feteleza, zonse ndimayangʼana iwo. Kodi kuchipatala amafuna chilolezo cha mwamuna kuti andipatse PrEP? Nanga akapeza botolo sadzati ndi ma ARV?

Nangozo: Safuna chilolezo cha aliyense, achemwali, ndinu munthu wamkulu. Amayamba akuyezani, chifukwa PrEP ndi ya amene alibe kachilombo. Piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo pamafunika masiku 7 kuti muyambe kutetezeka, ndiye musadikire mpaka basi itafika pa Wenela. Muzikayezetsanso miyezi itatu iliyonse. Chindoko, chinzonono ndi mimba siteteza.

Bambo a Junior: Kumwa mankhwala mobisa mʼbanja ndi chinyengo. Mwamuna ndi mutu.

Nangozo: Mutuwo ukayezetse kaye, achimwene.

Make Tadala: Za botolo musazipeputse. Anga ataliona anandithamangitsa usiku, ndinakagona kwa aneba. Panopa ndimasunga kwa mngʼono wanga. Ngati muli ku Blantyre kapena ku Lilongwe funsani za jakisoni wake, anayamba mu 2024 mʼzipatala zina, amabaya miyezi iwiri iliyonse. Palibe chobisa mʼsutikesi.

Nachisale: Tengani tizipangizo todziyezera, tokhula mʼnkhama tija, mphindi 20 basi. Amuna ambiri sathawa zotsatira, amathawa benchi ya kuchipatala pomwe aneba akuwaona. Koma ngati amakweza dzanja, musayesere muli awiriwiri. Akakumenyani pitani ku Victim Support kupolisi, lamulo la nkhanza za mʼbanja lilipo kuyambira 2006. Ndipo mukagona nawo musanakonzeke, kuli PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa mutagonana kale, koma mufike kuchipatala pasanathe maola 72.

Mwini funso: Zikomo nonse. Kumenya sanandimenyepo, kukalipa kokha. Lachiwiri ndili ndi sikelo ya mwana, ndikafunsa konko. Make Tadala, jakisoniyo amalemba mʼbuku la kuchipatala? Bukulo bambo amaliwerenga.