Thandizeni abale: R yafa pa kiyibodi ya kasitomala, ndasintha switch koma ziii

Wa ku Limbe:
Abale mutu waima. Kasitomala wandisiyira kiyibodi ya mechanical, 65%, anachita kumanga yekha ali ku UK. Ma switch ndi Gateron Yellow, owotcherera pa bodi, si hot-swap (zongozula n'kulowetsa popanda kuwotcherera) ayi, pleti ya aluminiyamu. Mwana anathirapo tiyi. E ukadina kamodzi ikutulutsa ee, pena eee. R ndiye yaferatu. Asanafike kuno anadzera kwa wina wake amene anayesa kuzula R yo, kumbuyoku kwada bii ngati pansi pa mphika. Ndaika switch yatsopano, palibe. Ndagundanitsa mapini ndi tweezer ndikuyang'ana pa VIA (pulogalamu yoyesera ndi kusintha ma key), palibe. Akuifuna Lachisanu. Ndiyambire pati?

Mdala wa ma TV:
Mwana wanga, switch sazula, amatsuka. Thiranimo spiriti, dinani kambirimbiri, muyanike. Ma volume a mawailesi takhala tikuwadzutsa choncho inu musanabadwe.

Achemwali a ma laputopu:
Madala, switch ya R ndi yatsopano kale, atsuka chiyani? Achimwene a ku Limbe, ngati tweezer sikuyankha ndiye vuto lili pa bodi. Tayesani ma key a 4, F ndi V. Pa mabodi ambiri zimenezi zimagawana column imodzi (mzere wotsika wa ma key olumikizidwa pamodzi) ndi R.

Wa ku Limbe:
4 ikugwira. F ndi V zafanso. Kasitomala sanandiuze zimenezi.

Achemwali a ma laputopu:
Basi mwalipeza. Uja anazula moyambayu anamatula pad (mphete ya kopa yowotchererapo pini), ndipo trace (kanjira ka kopa) ya column inkadutsa pa pad yomweyo, ndiye zonse zapatsogolo pake zaduka. Pukutani mwayewo ndi IPA (isopropyl alcohol) muone bwinobwino ndi galasi, mupeza mphete ya kopa palibe, solder yangokhala mpira pa pini. Ikani mita pa continuity, mupeze pini ya column pa 4 ndi pa F. Kenako kawaya kopyapyala kokutidwa, kuchokera pa 4 kufika pa R, kuchokera pa R kufika pa F. Pini inayo imapita ku diode. Imeneyonso muyeze, chifukwa munthu amene anaotcha pad imodzi sangakhale anaisiya bwino inzakeyo. Ngati yaduka, jumper (kawaya kolumikizira kaja) ipite mwendo wa diode umene ukuyang'ana ku switch. Mukalumikiza mbali ya row (mzere wopingasa) ndiye kuti mwaidumpha diode, key igwira inde, koma akamadina ma key angapo nthawi imodzi zilembo zachilendo ziyamba kutulukira.

Wa mafoni ku Area 25:
Aise ingoombani hot air muchotse zonse kamodzi, bwanji mukuvutika?

Achemwali a ma laputopu:
Ayi ndithu. Si foni imeneyi. Switch ndi pulasitiki, mapini akudutsa bodi mpaka mbali inayo, ndipo ma diode a SMD (ang'onoang'ono omata pamwamba pa bodi) ali pafupi pomwepo. Muwaulutsa onse.

Wa ku Joni:
Hot air musayerekeze. Kuno wina anabwera ndi bodi imene mnzake anaiomba choncho, ma switch asanu ndi limodzi anapindika, ma stem osabwereranso m'mwamba, kabokosi konse kununkha pulasitiki. Tinasintha mzere wonse. Za E yo, mukamazula muyambe mwathirapo solder yatsopano ya 63/37. Yakaleyo ikhoza kukhala lead-free, imasungunuka cha pa madigiri 217, pomwe 63/37 ndi pa 183, ndiye zikasakanikirana sucker (kapampu koyamwa solder) imakoka bwino. Iron cha pa 330 mpaka 350, flux wambiri, masekondi ochepa. Ikakana musakanikize, musiye pazizire muyambirenso. Pini izigwedera yokha m'bowo musanakoke switch. Ma pad ambiri amamatuka chifukwa chokoka ndi mphamvu solder ikadagwira, pena chifukwa cha ma iron aja opanda poyezera kutentha, ongolumikiza kukhoma n'kumawotcha mmene afunira.

Mdala wa ma TV:
Mwaona? Nonse mukuvomereza kuti kuzula n'kumene kwaononga bodi. Ndiye mukufunanso muzule E? Ikanatsukidwa poyamba paja bwenzi pano kasitomala akulemba makalata ake.

Wa ku Joni:
Madala, ulemu wanu, koma tiyi wa shuga ndi nkhani ina. Shuga sasungunuka bwino mu IPA, amafuna madzi. Spiriti wamtundu uja wa m'golosale ndiye amasiyanso zake pa kachitsulo ka mkati. Komanso munthu womanga kiyibodi yekha nthawi zambiri amakhala anapaka mafuta a Krytox switch iliyonse. Mukathira spiriti mumakokolola mafutawo kuwapititsa pa ma contact. Lero igwira, sabata yamawa ibwerera ndi eee yake, ndipo adzanena kuti ndi inu.

Mphunzitsi wa zamagetsi:
Funso limene palibe wafunsa: muli ma LED odutsa mkati mwa switch? Ngati alimo ndiye mfundo zowotcherera ndi zinayi osati ziwiri, ndipo ma pad a LED ndi aang'ono, amamatuka msanga. Muonenso mbali ya plus musanachotse. Chachiwiri, switch imene mwaikayo ndi ya mtundu womwewo? Anthu a makiyibodi amenewa amamva ndi chala. Mukaika Red pakati pa ma Yellow adziwa tsiku lomwelo. Ngati mulibe Yellow, zulani ya key imene sagwiritsa ntchito kwambiri, monga Page Down, muike pa R, yachilendoyo ipite kumeneko. Koma mumufunse kaye.

Wa ku Limbe:
LED mulibe. Imene ndaika ndi Red, ndi yomwe ndinali nayo. Ndiye ndizulenso yachitatu pa bodi yopsa kale imeneyi? Nanga E yo sindingangokweza debounce (kanthawi kamene bodi imadikira isanawerengenso key) mu QMK, firmware ya kiyibodiyi?

Mphunzitsi wa zamagetsi:
Mungathe, default ndi 5 ms, mukakweza chatter (kubwereza zilembo kuja) imabisala. Koma VIA payokha sikupatsani zimenezo, mufunika ku-flasha firmware ina. Muli ndi ma file ake? Mukalakwitsa mumufufutira ma layer onse amene anakonza, ndipo munthu amakwiya ndi zimenezo kuposa key yakufa. Shugayo adzakhalabe momwemo.

Mdala wa ma TV:
Firmware, jumper, kuzula katatu, zonsezi pa batani limodzi. Botolo la spiriti ndi ndalama zingati? Yesani kaye zanga, zikakanika mudzandinene pano.

Achemwali a ma laputopu:
Madala inu simugonja. Chabwino, pa E pokha akhoza kuyesa kadontho ka IPA ya 99%, osati spiriti, kiyibodi itazulidwa ku kompyuta. Koma F ndi V sizidzuka ndi botolo. Ndipo pasapezeke wotchula WD-40 pano.

Wa mafoni ku Area 25:
Ine zondisokoneza ndi za hot-swap. Anandibweretsera Redragon ya ma socket a Outemu ndi thumba la ma Gateron akuti ndimusinthire. Mapini a Gateron ndi onenepa, sakulowa. Mwini wake anali atakanikiza kale awiri kunyumba, mapini kupindika. Ndinamubwezera osagwira.

Wa ku Joni:
Munachita bwino. Ngakhale pa ma socket a Kailh, ukamalowetsa switch umagwira socket kumbuyo ndi chala, apo ayi imathothoka ndi pad yake. Achimwene a ku Limbe, jambulani kumbuyo kwa bodiyo musanapitirize, mumutumizire kasitomala aone mmene inabwerera. Mumuuzenso mtengo lero, osati Lachisanu. Ntchito yokonza zimene wina anaononga imadya tsiku lonse koma anthu amafuna kulipira ngati mwangosintha batani.

Mphunzitsi wa zamagetsi:
Ndipo jumper mukamaliza muimate ndi tepi ya Kapton, isakhudze zitsulo za kabokosi.

Wa mafoni ku Area 25:
Akulu a ku Joni, mukutsika liti? Mundigwirire sucker ya Engineer SS-02 ija ya mlomo wa silikoni. Yangayi mlomo unasungunuka, ndipo kuyitanitsa pa intaneti ndi mmene forex ikuvutiramu sindikwanitsa.

Wa ku Joni:
Ine mpaka Disembala. Koma pali mnyamata amatumiza katundu pa basi, ndikupatsani ku inbox.

Achemwali a ma laputopu:
Ngati mukutumiza muikemonso wick (kachingwe ka kopa koyamwa solder) ndi flux, tigawana mtengo. Alipo ali ndi ma diode a 1N4148 a SMD ku Lilongwe kuno? Ndikufuna khumi okha.