Abwanamkubwa onse aku Japan ku Korea anali asilikali eti?

NaBanda_22:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndakhala ndikuwerenga za nthawi imene Japan inkalamulira Korea, kuyambira 1910 mpaka 1945, ndiye chandidabwitsa nchoti bwanamkubwa aliyense amene ndikumupeza ndi mkulu wa asilikali, Terauchi, Hasegawa, Minami, onsewo. Zinangochitika mwangozi kapena linali lamulo? Panalibe ngakhale mmodzi wamba?

Mphunzitsi_Wakale:
Sizinali zangozi mayi, poyambirira lamulo lenilenilo linkati mpandowo ndi wa mkulu wa asilikali basi, apamtunda kapena apamadzi, ndipo bwanamkubwayo ankayankha kwa mfumu yaikulu ya Japan. Woyamba Terauchi Masatake pomwe amalanda dzikolo mu Ogasiti 1910 anali adakali nduna ya zankhondo, tangoganizani. Polisi inali mmanja mwa kenpeitai, apolisi achisilikali, amene ankatha kumuweruza munthu pompo osapita naye kukhoti. Mu 1912 anakhazikitsa lamulo lokwapula, koma chikoti chinali cha aku Korea okha, waku Japan ayi. Chimene chimandiwawa kwambiri ine ngati munthu amene ndagwirapo choko nchoti ngakhale aphunzitsi ankalowa mkalasi atavala yunifomu, lupanga lili mchiuno, pamaso pa tiana ta pulayimale. Mwana angaphunzire bwanji choncho?

Chikondi_M:
Koma achimwene musaiwale 1919. Pa 1 Malichi anthu anadzaza misewu ya Seoul kufuna ufulu, zionetsero zinafalikira dziko lonse, Hasegawa Yoshimichi nkutumiza mfuti. Kumudzi wa Jeamni mu Epulo asilikali anatsekera anthu mtchalitchi nkuyatsa moto. Dziko lapansi litamva Japan inachita manyazi, Hasegawa anachoka, lamulo lija analisintha kuti munthu wamba akhozanso kukhala bwanamkubwa. Saito Makoto atabwera chikoti chinatha mu 1920, malupanga mkalasi anachoka, nyuzipepala za Dong-a Ilbo ndi Chosun Ilbo zinaloledwa. Ndiye sitinganene kuti palibe chinasintha.

Mphunzitsi_Wakale:
Zoona zinasinthadi zina, sindikukana. Koma funso la mayiwa ndi loti wamba analipo? Yankho ndi ayi, ngakhale mmodzi mpaka 1945. Saito mwiniwakeyo anali mkulu wa asilikali apamadzi, ndipo tsiku lomwe amafika ku Seoul mu Seputembala 1919 gogo wina Kang Woo-kyu anamuponyera bomba pa siteshoni ya sitima, koma Saito anapulumuka. Onani ku Taiwan, nakonso kunali mmanja mwa Japan koma kumeneko anaikadi anthu wamba kuyambira 1919 mpaka 1936. Korea ayi, chifukwa asilikali apamtunda ankaiona ngati khomo lolowera ku Manchuria, dera loyandikana nayo chakumpoto, ndi China, sakanalola kuti andale aigwire. Komanso apolisi achisilikali atachoka, apolisi wamba ndi mapolisi siteshoni zinachuluka kuposa kale.

Tadala_K:
Ine amene amandikwiyitsa ndi Minami Jiro, 1936 mpaka 1942. Uyu sanafune minda ndi mpunga zokha, anafuna kufafaniza mtundu weniweniwo. Chikoreya anachikankhira kunja kwa sukulu, ana ankalumbira kuti ndi anthu a mfumu ya Japan, anthu kukakamizidwa kukagwada ku akachisi a Shinto, chipembedzo cha ku Japan, mu 1940 nkuwapanikiza kuti atenge maina achijapani, chaka chomwechonso nyuzipepala ziwiri mwatchulazo anazitseka. Dzina la makolo ako aise, ulitaye kuti mwana wako asavutike kusukulu! Pambuyo pake kunabwera Koiso Kuniaki, 1944 anyamata anayamba kutengedwa mokakamiza kupita kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Awiriwa khoti la maiko opambana nkhondoyo la ku Tokyo linawagamula kukhala kundende moyo wonse, koma pa milandu ya nkhondo, osati pa zimene anawachita anthu aku Korea.

NaBanda_22:
Zikomo nonse, za Taiwan zija sindimazidziwa. Nanga womaliza anali ndani, amene anapereka dzikolo nkhondo itatha?

Chikondi_M:
Abe Nobuyuki, nayenso jenerali, anakhalaponso nduna yaikulu ya Japan. Anasaina zogonja kwa asilikali aku America ku Seoul pa 9 Seputembala 1945.