Mtengo wa tikiti ya pageti tiuwerengere bwanji?

Akuluakulu amene mumasunga chuma cha matimu a mpira, ndithandizeni nzeru.

Ndalama za pageti sizilowa zonse m'thumba la timu. Pamayamba pachoka za eni bwalo, apolisi, olondera mageti, osindikiza matikiti, a ambulansi ndi gawo la bungwe loyendetsa ligi. Zambiri mwa izi sizitsika ngakhale anthu abwere ochepa, n'chifukwa chake tsiku la mvula timu imatha kutuluka ndi ngongole.

Tinene kuti bwalo limalowa anthu 5,000 koma pa masewero wamba pamabwera 1,500 okha. Chanzeru n'chiti, kukweza matikiti onse ndi 20 peresenti, kapena kutsitsa a kumalo apamtetete kuti kudzaze n'kukweza a kumipando yofoleredwa yokha? Nkhawa yanga ndi yakuti ochemerera akazolowera kumvera pawailesi, kuwabweza n'kovuta, ndipo majezi nawo sayenda malonda.

Kwina kumene ndalama zimathawira ndi pageti penipeni: matikiti achinyengo, tikiti yosang'ambidwa kubwerera panja n'kugulitsidwanso, ndi olowa ulere. Inu amene munayamba kugulitsa matikiti pafoni, kodi chiwerengero cha olowa chikugwirizana tsopano ndi ndalama zotolera? Nanga kampani yake imadulapo zingati pa tikiti iliyonse?