Za kuyeza fupa la mbuzi pa pulogalamu ya Fiji: zatheka tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa lija. Kwa amene simunalione: ndimayeza kukhuthala kwa timizere ta m'kati mwa fupa la mbuzi, pamalo paja pooneka ngati siponji, pogwiritsa ntchito zithunzi za pa maikulosikopu ndi Fiji, pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera zithunzi, ndipo manambala ankangosinthasintha chikhalirecho fupa ndi lomwelo.

Amene munati ndiyambe ndaona sikelo munalasa. Ndinali nditachonga "Global" mu Set Scale, zomwe zimaika sikelo imodzi pa zithunzi zonse, ndiye sikelo ya lenzi ya 10x inkalowanso pa zithunzi za 4x. Ndinabwereka stage micrometer, kagalasi kokhala ndi mzere wa 1 mm wogawidwa magawo 100, n'kukajambula pa lenzi iliyonse payokha. Masabata awiri ndinkangonyoza kompyuta yosalakwa.

China sindinachiganizireko n'komwe. Mnzanga wa ku labu ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, yomwe imazichepetsa, moti m'mphepete mwa fupa munkaoneka mbuu. Pano ndimanyamuka ku Matawale ndi flash, n'kukazitenga zili TIFF, mtundu wa fayilo wosachepetsa chithunzi.

Threshold ya Otsu, njira imene kompyuta imalekanitsira yokha malo oderapo ndi owala pa chithunzi, yokha sinandikwanire. Pa utoto wa H&E, umene timanyikamo tizidutswa ta fupa kuti tioneke bwino pa maikulosikopu, imatengera limodzi fupa ndi maselo oderapo a m'mipata, choncho ndimafufuta ndi dzanja, ntchito yotopetsa maso koma yofunika.

Amene mukuyamba kumene, dziwani kuti Thickness ya BoneJ, chida cha mu Fiji choyezera kukhuthala kwa fupa, inapangidwira zithunzi za 3D ngati za micro-CT, makina ojambula tinthu ting'onoting'ono ndi X-ray. Pa kachidutswa kopyapyala, kamzere kodulidwa mopendekera kamaoneka konenepa kuposa mmene kalili. Ine ndasankha kulemba gawo la malo amene fupa latenga, ndipo aphunzitsi anga avomera.