Kodi choyezera kutentha kwa thupi chodalirika kwa mwana ndi chiti?

Ndikupempha anamwino ndi makolo odziwa bwino kuti mundithandize kusankha choyezera kutentha kwa thupi la mwana wa zaka ziwiri. Chagalasi ndimachimvetsa: mercury (chitsulo chamadzimadzi chokhala m'katimo) ikatenthedwa imafutukuka n'kukwera m'kachubu kopyapyala, koma ndikuchiopa chifukwa chikasweka mercury yakeyo ndi poizoni. Chabatire choika m'khwapa chimaonetsa manambala msanga, pomwe cholozetsa pamphumi, chomwe chinafala nthawi ya COVID-19, chimayeza kutentha kochokera pakhungu osakhudza munthu.

Chikundivuta n'chakuti kutentha kwa m'khwapa kumakhala kotsikirapo poyerekeza ndi kwa m'kamwa. Kodi malire a madigiri 38, osonyeza kuti thupi latentha mopitirira muyezo, ndi ofanana pa zoyezera zonsezi? Nanga cha pamphumi chija n'chodalirika mwana akatuluka thukuta kapena akangochokera padzuwa?