Malamulo a galamala amawaloweza, koma chimangirizo n'chodzadza zolakwa. Tiwathandize bwanji pa Chingerezi?

Mlezi wa Fomu 3

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi a Chingerezi ndi ena odziwa. Pali ophunzira asanu a Fomu 3 amene amakumana madzulo kwa mphindi 40, masiku asanu pa sabata. Mukawafunsa lamulo la galamala amalinena osaphonya, ndipo mafunso osankha yankho amakhoza ndithu. Koma akangoti alembe chimangirizo cha tsamba limodzi, mumapeza "he go", "she told his husband", "I am knowing", ndipo nthawi ya mneni imasintha katatu m'ndime imodzi. Kulankhula ndiye ndi mawu amodziamodzi basi. Mphindi 40 zimenezi tizizigawa bwanji? Tiwonjezere mapepala a mayeso akale, kapena pali chomwe tikuphonya?

Cholembera Chofiira

A Mlezi, mapepala akalewo muyambe mwawaika pambali. Zolakwa zitatu mwatchulazo si za ulesi, ndipo si za kusadziwa lamulo. Mwana akuganiza m'Chichewa n'kumavekapo mawu a Chingerezi, ndiye pomwe zilankhulo ziwirizi zasiyana mpomwe amagwa. Pa funso losankha yankho maganizo ake onse ali pa mneni mmodzi. Pa chimangirizo akusaka nkhani, mawu ndi sipeling'i nthawi imodzi, choncho dzanja limangotsata njira yomwe linazolowera.

Tengani "I am knowing". Ife timati ndikudziwa, ndikufuna, ndikumvetsa, ndipo -ku- ameneyu ndi yemwe alinso mu ndikudya ndi ndikuthamanga. Mwana anagwira kuti -ku- ndi -ing, basi akumuika paliponse. Chingerezi sichikonda -ing pa aneni onena zomwe munthu akudziwa, akufuna kapena ali nazo: know, want, understand, believe, belong, own. Have ali pawiri. "I am having lunch" ili bwino chifukwa apo ndi kudya, koma "I am having two brothers" ayi.

"She told his husband" ili ndi mizu iwiri. Woyamba ngodziwika, iye sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Wachiwiri ndi umene aphunzitsi ambiri saona. Timati mwamuna wake, buku lake, nyumba yake: umwini umagwirizana ndi chinthucho, osati mwini wake. Mwana akaona husband, yemwe ndi mwamuna, amasankha his. Muwauze momveka kuti his ndi her amayang'ana kumbuyo, kwa mwini, sayang'ana chomwe chikubwera kutsogolo.

"He go" ndi vuto la khutu. Mgwirizanitsi wathu amakhala koyambirira kwa mneni, akupita, chikupita, zikupita, ndiye kumapeto kwa mawu sikumene mwana amamvetsera. Kuwonjezera apo, s pa dzina amanena zambiri koma s pa mneni amanena mmodzi: the boys play, the boy plays. Zimenezi zimasokoneza ngakhale ochenjera.

Mukawerenga mosamala mupezanso izi. Timati "ndafika m'mawa, 6 koloko", mwana n'kulemba "I have arrived at six o'clock". M'Chingerezi mukatchula nthawi yomwe yadutsa, have amachoka: "I arrived at six". Wina akatifunsa "Sunadye?" timayankha inde kutanthauza kuti sitinadye, pomwe Chingerezi chimati "No, I haven't". "Ndibwerekeko cholembera" ndi amene amabala "borrow me your pen", chonsecho wopereka ndi lend, wolandira ndi borrow. Malangizo ndi zipangizo kwa ife n'zambiri, ndiye "advices" ndi "equipments". Kukambirana za kanthu ndiko kumabweretsa "discuss about". Ndipo eti wathu, amene amakwanira funso lililonse, ndiye "isn't it" wa paliponse uja.

Chochita chake n'chosavuta koma chimafuna kusatopa. Tsiku lililonse alembe ndime imodzi ya mawu 80 mpaka 100 m'mphindi 10. Tsamba lathunthu ayi, chifukwa palibe amene angachonge masamba asanu tsiku ndi tsiku, ndipo cholembedwa chosachongedwa chimangokhwimitsa zolakwa. Pochonga musamulembere yankho. Dulani mzere kunsi kwa cholakwa, m'mphepete muike chilembo chimodzi, monga N pa nthawi ya mneni, G pa mgwirizano, M pa mlowam'malo. Akonze yekha. Pa sabata imodzi muzisaka mitundu iwiri yokha ya zolakwa, zinazo muziziona n'kuzisiya dala. Tsamba likafiira lonse mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope.

Aliyense akhale ndi kope la zolakwa zake, tsamba logawidwa patatu: chiganizo cholakwa, chokonzedwa, ndi chiganizo chatsopano chopanga yekha chotsata lamulo lomwelo. Gawo lachitatuli ndiye lofunika, komanso ndi lomwe amalidumpha mukapanda kuyang'ana. Asanapereke ndime, aiwerenge kawiri. Koyamba azungulize aneni onse n'kuona ngati ali m'nthawi imodzi. Kachiwiri, pa he, she, his ndi her aliyense ajambule kamuvi koloza mwini wake.

Wowerenga Usiku

Ndikugwirizana ndi a Cholembera, koma kukonza kokha sikokwanira. Mwana amene sanaonepo ziganizo zabwino zochuluka alibe poyerekeza zake. Ine ndingagawe chonchi: mphindi 5 kubwereza mawu, 15 kuwerenga, 10 kulemba, 10 kukonza za dzulo.

Pa kuwerenga, cholakwika chachikulu ndi kuwapatsa zolimba poganiza kuti ndiye aphunzira msanga. Yesani motere. Werengani mawu 100 patsamba, mwana aonetse omwe sakuwadziwa. Akapitirira asanu, bukulo n'lolemera, lisiyeni. Ofufuza za kuphunzira zilankhulo anapeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu 95 mpaka 98 pa 100 alionse kuti amve nkhani payekha. Zikachepera apo sakuwerenganso, akungosaka mawu m'dikishonale, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi chake. Funani nkhani zofewetsedwa dala zolembera ophunzira, ngakhale zioneke ngati za ana aang'ono. Wa Fomu 3 amachita nazo manyazi sabata yoyamba yokha. Akamawerenga asatsegule dikishonale, angoika kadontho ka pensulo, afufuze pomaliza.

Mawu atsopano asapitirire asanu ndi atatu patsiku, ndipo akhale omwe amabwera kawirikawiri. Mndandanda wa mawu umene katswiri wophunzitsa Chingerezi Michael West anatulutsa mu 1953 uli ndi mawu pafupifupi 2,000 okha, koma ndi amene amadzaza gawo lalikulu la tsamba lililonse la Chingerezi wamba. Mwana amene akuloweza "magnanimous" pomwe sakusiyanitsa say ndi tell akutaya nthawi. Mawu asalembedwe okha, alembedwe ndi anzawo oyenda nawo: make a mistake, do homework, take medicine, depend on, good at, interested in, listen to. Aperekezi a Chingerezi alibe lamulo lodalirika, amagwidwa pamodzi ndi mawu awo. Pofufuza dzina aone chilembo C kapena U chomwe madikishonale a ophunzira amaika. U akutanthauza kuti dzinalo siliwerengedwa, ndiye information, furniture, luggage ndi advice salandira s.

Kubwereza kukhale kotalikirana. Alembe mawu pa timapepala, Chingerezi mbali ina, tanthauzo kuseri, ndipo adzifunse mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, pakatha masabata awiri, kenako pakatha mwezi. Hermann Ebbinghaus, wofufuza za kukumbukira, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimaiwalika m'maola ndi masiku oyambirira, ndiye kubwereza koyambako kusachedwe. Ayese kukumbuka asanatembenuze kapepala. Kungoyang'ana mndandanda kumanamiza, mawu amaoneka odziwika koma sabwera pofunika.

Aneni osatsata lamulo aziwatenga m'mabanja, osati motsata alifabeti: sing, ring, begin, drink, swim pamodzi, cut, put, hit, shut pamodzi, bring, buy, think, catch, teach pamodzi. Banja limodzi pa sabata, ndipo ndime ya tsikulo ikhale ndi atatu mwa iwo.

Khutu Lakumanzere

A Wowerenga, ndondomeko yanu mwaiwalamo pakamwa. Ana amene akulankhula mawu amodziamodzi sangamasuke ndi kuwerenga chamumtima. Ndipo zolakwa zambiri zolemba zimayambira kukhutu. Amene samva -ed mu "walked" sadzamulemba.

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu. Chingerezi chimalemba asanu omwewo koma chimatchula maliwu pafupifupi 20. Choncho ship ndi sheep, live ndi leave, full ndi fool zimamveka zofanana, ndipo hut ndi heart onse amagwera pa a mmodzi. L ndi r kwa ife sasintha tanthauzo, koma collect ndi correct, play ndi pray, glass ndi grass ndi zinthu zosiyana, ndipo mumazipeza zitasinthanitsidwa m'chimangirizo. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake school anasanduka sukulu. Mwana akakumana ndi "asked" kapena "texts", amawonjezera liwu kapena amadula mchira.

Masiku awiri pa sabata chotsani mphindi 10 ku kuwerenga muchite lembetso. Ndime ya mawu 50 mpaka 60 yomwe anaiwerengapo kale. Werengani katatu: koyamba angomvera, kachiwiri pang'onopang'ono akulemba, kachitatu pa liwiro la masiku onse akukonza. Kenako atsegule buku adzichonge okha. Zomwe zasowa nthawi zambiri ndi -s, -ed, a ndi the. Pa -ed aphunzire kuti amamveka patatu: t mu walked, d mu played, ndi id mu wanted ndi needed. Phatikizo lowonjezera limabwera pokhapokha mneni akathera pa liwu la t kapena d.

Pa kulankhula, asanu ndi chiwerengero chabwino. Awiriawiri, wachisanu agwire wotchi. Mmodzi afotokoze zomwe wawerenga kwa mphindi zitatu, asinthe womvera n'kufotokoza zomwezo m'mphindi ziwiri, kenako m'mphindi imodzi. Nkhani ndi yomweyo, ndiye kachitatu sakusakanso mawu, ndipo "eee" amachepa. Musamudule pakati kuti mumukonze. Wa wotchi alembe zolakwa ziwiri zokha, anene pomaliza. Ngati pali foni, ajambule ulendo woyamba ndi womaliza, amvere. Zomvera za BBC Learning English zimathandizanso chifukwa zambiri zimakhala ndi mawu ake olembedwa, mwana amamvera kawiri asanayang'ane.

Chimodzi musachite: kulanga kapena kuseka amene walankhula Chichewa kapena waphotchola. Chomwe mumapeza ndi chete, osati Chingerezi.

Mlezi wa Fomu 3

Zikomo kwambiri nonse, za his ndi her zija zanditsegula maso. Komabe mayeso akubwera ndithu. Mapepala akale tisawagwire n'komwe? Nanga chifupikitso, chomwe amangokopera ziganizo za m'nkhani, tichite nacho bwanji?

Cholembera Chofiira

Muwagwire, koma kamodzi pa masabata awiri, gawo limodzi lokha, ndi wotchi. Ntchito yeniyeni ndi ya tsiku lotsatira: funso lililonse lomwe walephera aliike m'gulu lake. Sanamve funso, sanadziwe mawu, kapena nthawi inamuthera? Gulu lomwe ladzadza ndi lomwe likuuzani zoti muyeseze masabata awiri akubwerawo. Akafika Fomu 4 mutha kuchita sabata iliyonse.

Kukopera pa chifupikitso kumachitika chifukwa nkhani ili pamaso pake akamalemba. Muichotse. Awerenge funso choyamba n'kudula mzere kunsi kwa chomwe likufuna, monga zifukwa zokha kapena zotsatira zokha. Awerenge nkhani kawiri. Pa mfundo iliyonse alembe mawu atatu kapena anayi papepala lina, osati chiganizo. Zitsanzo, zobwereza ndi mawu a anthu olankhula azisiye. Kenako atembenuze nkhaniyo, alembe kuchokera pa timawu take tija, alumikize ndi because, however, as a result pomwe pakufunikadi, awerenge mawu onse aone ngati sanapitirire malire a funso. Poyamba mupatseni ndime imodzi kuti aifupikitse m'mawu 20, osati nkhani yonse.

A ndi the musalimbane nawo panopa kupitirira lamulo limodzi ili: dzina lowerengeka la chinthu chimodzi siliima lokha, pafunika a, the, my kapena this dzinalo lisanabwere. "I bought book" aigwire ndi lamulo limenelo. Zotsalazo zimabwera mochedwa ndi kuwerenga kwa a Wowerenga kuja, ndipo zilowe m'kope la zolakwa pokhapokha N ndi G atayamba kusowa m'mphepete mwa tsamba.