Ndasiya ntchito, bwana wagwira malipiro anga onse, nditani?

Mlongo wa ku Bangwe: Abale ndigawireniko nzeru. Ndagwira ntchito pa shopu ina ku Limbe zaka zitatu, ndimalandira pa mwezi. Ndinapeza ntchito ina ku Lilongwe ndiye ndinalemba kalata yosiya, notisi ndinapereka ya masabata awiri basi chifukwa kwinako amandifuna msanga. Tsiku lomaliza tawerenga sitoko mpaka 7 koloko usiku, palibe ndi sopo mmodzi yemwe wasowa, makiyi ndapereka, koma nditafunsa ndalama bwana angoti wachoka wekha, palibe chako pano. Mwezi wonse ndagwira uja, ndi holide ya chaka chino sindinapite. Alandilodi ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Kalaliki wopuma: Achemwali, penapake munalakwitsa, ndisakunamizeni. Lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limati munthu wolandira pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, yolemba, kaya ndi bwana kaya wantchito. Ukachoka isanakwane umalipira masiku otsalawo. Ndiye inu muli ndi ngongole ya masabata awiri, koma awiri okhawo, osati mwezi wonse ayi. Za holide, ngati mumagwira masiku 6 pa sabata lamulo limakupatsani masiku 18 pa chaka, ogwira masiku 5 amapata 15, ndipo omwe munasonkhanitsa koma simunapume ayenera kusanduka ndalama. Zonsezi azipereke pasanathe masiku 7 chichokereni.

Dalaivala wa Zalewa: Eeh koma mabwana enawa! Ine zinandionekera ndili pa kampani ina ya malole, ndinayenda miyezi iwiri kumangouzidwa kuti akauntanti kulibe bwerani Lachisanu, Lachisanu lake osafika, mpaka mlamu wanga anandikokera ku ofesi ya leba, anandilembera kalata yowaitana ndikukaisiya ndekha pa geti, tsiku lokumana bwana yemwe uja anabwera ndi envulopu m'thumba la jekete ali chimwemwe ngati ndife apachibale. Pitani ku leba mayi, musachedwe. Zikakanika kumeneko pali Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito, ku Blantyre konko iliko.

Mlongo wa ku Bangwe: Zikomo akuluakulu. Nanga severance, ndalama ija amapereka ntchito ikatha powerengera zaka zomwe wagwira? Mnzanga akuti zaka zitatu ndi ndalama ndithu.

Kalaliki wopuma: Imeneyo iwalani, mnzanuyo akukupatsani chiyembekezo chabe. Chisinthireni lamulo mu 2010 severance ndi ya ochotsedwa pa retrenchment (kampani ikamachepetsa antchito) kapena ochotsedwa mopanda chilungamo, wosiya yekha sapata. Pokhapokha ngati bwana anakuzunzani mpaka munalibe kuchitira mwina koma kuchoka, koma inu mwanena nokha kuti mwapeza kwina. Chofunsa ndi penshoni. Ngati ankakudulani 5% fufuzani ngati ankatumizadi pamodzi ndi 10% yawo, ambiri amadula ndalama osafika nazo. Mufunsenso setifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito kumeneko, ndi ufulu wanu, si chisomo chawo.

Mai a mapasa: Funso langa ndi limodzi, kalata yosiyayo munasunga kope? Chifukwa ku leba bwanayo akhoza kungokana kuti sanaone kalata iliyonse, munangosowa.

Mlongo wa ku Bangwe: Kope ndilibe, koma ndinaijambula pa foni ndikuwatumiziranso pa WhatsApp, anayankha ndi kachala kaja. Lolemba ndilawira ku leba ndisanakwere basi.